Chitseko cha Sande Sukulu chizikhala chotsegula

Tsiku limene ndinayamba kuphunzitsa Sande Sukulu palibe anandifunsa kanthu. Anangoona kuti sindijomba kutchalitchi, ndimaimba bwino, basi anandipatsa ana oposa 20 ndi kachipinda kakuseri. Chitseko tinkatseka chifukwa kwaya imasokosa. Ine ndekha ndi ana a eni ake, ola lathunthu, wina aliyense osasuzumirako. Ndikanakhala munthu woipa, akanadziwa ndani?

Nditapempha pamsonkhano kuti m'kalasi muzikhala akuluakulu awiri ndipo chitseko chisamatsekedwe, mkulu wampingo wina anandifunsa ngati ndayamba kukayikira atumiki a Mulungu. Ndinawayankha kuti bambo, woyamba kukayikiridwa ndikhale ineyo, poti ndine ndimakhala ndi anawo. Anaseka, nkhani inathera pomwepo. Koma ine sinandithere.

Ambirife timaphunzitsa ana kuthawa munthu wachilendo. Wogwiririra ana mumpingo sakhala mlendo. Ndi uja amafika woyamba, amapemphera mpaka misozi, amalipirira mwana wamasiye fizi, amadzipereka kuperekeza atsikana akwaya kukada. Amayamba wanyengerera makolo asanafike pa mwana. Kenako kamphatso, kenako mauthenga a pa WhatsApp usiku, kenako pemphero lapadera muofesi, awiriwiri. Pofika tsiku limene mwanayo walimba mtima n'kuulula, mpingo wonse umakhala utasankha kale amene umukhulupirire.

Mukandiuza kuti ndikukokomeza, mverani ya John Smyth. Anali loya wotchuka ku England, wotsogolera misasa ya achinyamata achikhristu. Ankatengera anyamata m'kashedi kunyumba kwake ku Winchester n'kumawakwapula mpaka magazi, amvekere ndi chilango cha machimo awo. Atsogoleri ena anazidziwa mu 1982, lipoti linalembedwa, koma kupolisi sanapite nalo. Mu 1984 bamboyo anasamukira ku Zimbabwe n'kuyambitsanso misasa ya anyamata, kenako anapita ku South Africa. Anamwalira mu 2018 asanayankhe milandu ya ku England ija. Lipoti la Makin la mu 2024, lofufuza nkhaniyi, linati anazunza anyamata oposa 100, ndipo Justin Welby, Archbishop wa Canterbury, mkulu wa mpingo wa Anglican, anatula pansi udindo chifukwa atamva za nkhaniyi mu 2013 sanailondoloze mokwanira. Taganizani: anthu opemphera, ophunzira, anaona fisi m'khola mwawo, m'malo momukola anangomutsegulira kuti akalowe m'khola la ena. Ana a ku Zimbabwe aja analakwa chiyani?

Ndipo tisalozane zala kuti ndi za mpingo wauje. Ku France, komiti ya Sauvé mu 2021 inayerekeza kuti ana pafupifupi 216,000 anachitidwa nkhanza zogonana ndi ansembe komanso ena odzipereka mu Katolika kuyambira 1950. Ku America, mu 2022 zinaululika kuti akuluakulu a mpingo wa Southern Baptist Convention ankasunga mwachinsinsi mndandanda wa mayina mazanamazana a atumiki oganiziridwa, kwinaku akukankhira kumbali odandaula. Uku ansembe osakwatira, uku abusa a pabanja. Ndiye vuto si ukwati. Chofanana paliponse n'chakuti mbiri ya mpingo inaikidwa patsogolo, mwana pambuyo.

Apa ndiye pamene pamandiwawa kwambiri. Nkhani ikaphulika, mawu ake timawadziwa tonse. Tikambirane ngati abale. Tisachititse manyazi dzina la Ambuye. Musakhudze wodzozedwa. Ena amatsegula Mateyu 18 kuti m'bale wako akakulakwira upite kaye kwa iye panokha. Ndiye mwana wa zaka 11 akakhale maso ndi maso ndi bambo amene anamuvula, amuuze kuti mwandilakwira? Chaputala chomwecho, ndime 6, ndi pomwe Yesu akunena za mwala wamphero m'khosi mwa wokhumudwitsa kamwana. Ndime imeneyo timaidumpha bwanji?

Kugwiririra mwana ndi tchimo, inde, komanso ndi mlandu. Tchimo mpingo ungathe kulisamalira. Mlandu ndi wa apolisi ndi a zosamalira ana. Kumuimitsa mgonero miyezi 6 kapena kumusamutsira kumpingo wina si chilango, n'kumupatsa ana atsopano amene makolo awo sakudziwa kanthu. Ngakhale Papa Francis mu 2019 anakhazikitsa lamulo lokakamiza ansembe ndi masisitere kunena nkhani zotere kwa akuluakulu a mpingo, kuphatikizapo pamene bishopu wabisa. Koma kunena mkati mokha sikukwana. Ndipo za kukhululuka, musamukakamize mwana. Wolapa zenizeni sakana kukayankha mlandu, ndipo sapemphanso kubwerera ku Sande Sukulu.

Zofunika kuchita si zodula. Aliyense wofuna kugwira ntchito ndi ana afunsidwe kumene wachokera, ndipo wina aimbedi foni kumpingo wake wakale. Kumene kuli kotheka, abweretse kalata ya kupolisi, ngakhale kalatayo imangogwira amene anagwidwapo kale. Watsopano ayambe wakhala miyezi ingapo asanapatsidwe ana. Uphungu wa mwana uchitikire poonekera. Kumisasa wamkulu asagone yekha ndi ana. Pakhale munthu mmodzi wodziwika, osati mkazi wa abusa kapena m'bale wawo, amene mwana angathamangireko.

Mwana akakuuzani, musakuwe, musamufunse kuti unavala chiyani kapena bwanji sunanene kale. Musamulonjeze kuti zikhala zachinsinsi, chifukwa simungazisunge. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo si iye wolakwa. Lembani mawu ake momwe wanenera, tsiku lomwelo, n'kukanena. Kufufuza si ntchito yanu, ndiponso musathamangire kukamutsina khutu woganiziridwayo.

Ine kalasi yanga ndinangoyamba ndekha. Ndinaika mpando pachitseko kuti chisatsekeke, n'kupempha amayi awiri kuti azisinthana kukhala nane. Phokoso la kwaya limalowa, ana amacheukacheuka, nthawi zina vesi loloweza timalibwereza kasanu. Lamlungu lapitali mkulu uja anadutsa, anasuzumira, n'kufunsa ngati chitseko chawonongeka. Ndinati ayi bambo, chili bwinobwino.