Ku Mangalande kulidi ngalande, koma za ku Ireland zili ndi nkhani ina

Agogo athu potchula dziko la England kuti Mangalande ankangofuna kuti dzinalo likhale bwino m'kamwa, koma mosadziwa analasa. Dzikoli lili ndi ngalande zakale zodziwika pafupifupi 6,000. Sindikunena zoyenda madzi a mvula m'mbali mwa msewu ayi, koma zikuluzikulu zomwe anthu olemera ankakumba kuzungulira nyumba zawo zaka zoposa 600 zapitazo, n'kudzazamo madzi, nyumba n'kutsala pakati ngati chilumba.

Yoyamba kuiona ine inali Kent's Moat, kum'mawa kwa Birmingham, tsiku lina ndikudula njira popita ku shifiti. Ndinangoona nyumba wamba zazunguliridwa ndi chidzenje chakuya, chouma, mitengo itamera m'mphepete. Ndinati mwina ndi a khonsolo anakumba. Ayi ndithu. Pamenepo panali nyumba ya mwinimalo wa m'zaka za m'ma 1300, ndipo nyumba zomwe zilipo lerozi anazimanga m'ma 1960 pamwamba penipeni pa bwalo lake. Nditawafotokozera alamu anga omwe amakhala ku Ireland, anandiseka, amvekere: "Kwathu kuno zoterozo simungayese." Mkangano wathu unayambira pomwepo ndipo mpaka lero sunathe.

Mwinimalo wa nthawi imeneyo mumuganizire ngati bwana wa esiteti. Minda inali yake, chigayo chake, bwalo la milandu ya pamudzi lake, ndipo alimi ambiri ankalipira malo pomugwirira ntchito masiku angapo pa sabata. Amene anamvapo za thangata ku Thyolo ndi ku Chiradzulu sangavutike kumvetsa. Ngalande zambiri zinakumbidwa pakati pa 1250 ndi 1350, makamaka m'chigawo chapakati ndi chakum'mawa, ku Suffolk ndi ku Essex kukhala kuchimake. Chifukwa chake n'chapansi pomwepa: kumeneko dothi ndi la makande, losunga madzi. Pamchenga ukakumba, madzi amathawa usiku womwewo. Dothi lofukulidwalo ankalimwaza pakati kuti nyumba ikhale pokwererapo, pouma.

Nanga ankaopa ndani? Akatswiri ofukula zakale ku England amati kwenikweni kunali kudzionetsa. Mfumu ndi nduna zake anali ndi malinga amiyala ozunguliridwa ndi madzi, ndiye aliyense yemwe wapezako bwino, kaya ndi wansembe wa parishi kaya mlimi wogulitsa ubweya wa nkhosa, ankafuna kuti mlendo adzawoloke mlatho asanagogode pakhomo pake. Umboni ulipo: ngalande zina zimazungulira mbali zitatu zokha, zina n'zosaya moti gulu lankhondo likanangopinda mathalauza. Zina mkati mwake munalibe n'komwe nyumba, munali munda wa zipatso. Komatu tisanyoze kwambiri. Mbava yausiku inkaganiza kawiri, nkhumba za mnansi sizinkalowa, moto ukabuka madzi anali pafupi, ndipo m'madzimo ankawetamo nsomba zodya Lachisanu ndi pa Lenti, masiku omwe mpingo unkaletsa nyama. Ndi mmene zilili ndi mipanda yanjerwa ya ku Area 43: chitetezo chilipo, koma utali wa mpanda umanenanso zina.

Amene ali ku Birmingham akhoza kukaona Weoley Castle. Dzina lokha ndi la linga lankhondo, koma inali nyumba ya mwinimalo, yomwe Roger de Somery anapatsidwa chilolezo ndi mfumu mu 1264 kuti aimangire khoma lokhala ndi nsanja. Lero patsala maziko. Wofuna kuona ina yomwe idakali chiimire, madzi ali thithithi, apite ku mudzi wa Baddesley Clinton ku Warwickshire.

Tsidya lina la nyanja, ku Ireland, nkhani inali ina. Ankhondo a Chinomani ochokera ku England ndi ku Wales anakocheza pa Bannow Bay m'boma la Wexford mu 1169, ndipo pambuyo pawo panabwera alimi odzakhala pa malo olandidwa. Iwowa ndi amene anakumba ngalande zambiri za ku Ireland, m'zaka za m'ma 1200 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1300. N'zochepa poyerekeza ndi za ku England, sizifika ngakhale theka la theka, ndipo zinaunjikana kum'mwera ndi kum'mwera chakum'mawa: Wexford, Kilkenny, Tipperary, Cork, Limerick. Zambiri zili kutali ndi matauni, chakumalire komwe obwera ankayang'anizana ndi eni dziko. Chuma cha kumeneko chinali ng'ombe, ndipo kulandana ng'ombe usiku chinali chizolowezi. Ndiye ngalande ya ku Ireland imakhala ndi mtumbira wadothi m'kati, pamwamba pake ankazikapo mitengo, linga lenileni monga momwe makolo athu ankamangira pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Wa ku Suffolk ankakumba kuti anzake amuone, wa ku Tipperary ankakumba kuti agone tulo.

Eni dziko nawo anatengera. Ku Cloonfree m'boma la Roscommon kuli ngalande yotere yomwe amati inali ya mfumu ya banja la O'Conor, osati ya obwera. Kenako zinthu zinasokonekera: Edward Bruce, mng'ono wa mfumu ya ku Scotland, analowa ndi nkhondo kuchokera kwawoko mu 1315, njala inagwa zaka zomwezo, mliri waukulu n'kufika mu 1348. Malo ambiri anasiyidwa, n'kusanduka mabwinja odyetserapo ng'ombe.

Tsopano pomwe timatsutsana ndi alamu anga ndi pa kasamalidwe ka lero.

England imasankha. Lamulo la 1979 limapatsa boma mphamvu zoika malo ofunika kwambiri pa mndandanda wapadera, ndipo malo otere alipo pafupifupi 20,000, kuphatikiza manda akale, malinga, milatho ndi migodi. Pamalo pomwe palembedwa sungakumbe ngakhale dzenje la mzati popanda chilolezo. Koma si ngalande zonse 6,000 zomwe zinalowamo. Zotsalazo zimadalira a khonsolo pa nthawi yopereka chilolezo chomangira, ndipo kuyambira 1990 mfundo ndi yakuti womanga ndiye alipire akatswiri kuti ayambe afukula ndi kulemba zomwe apeza. Zimathandiza, koma mlimi wolima ndi thirakitala m'munda mwake sapempha chilolezo chomangira. Ngalande zambiri zinakwiriridwa choncho, ndipo lero zimangooneka pa zithunzi zojambula m'ndege chaka cha chilala, pomwe tirigu amabiriwira motsata pomwe panali madzi.

Ireland inaponya khoka lalikulu. Lamulo lawo loyamba ndi la 1930, ndipo mu 1994 anakhazikitsa kaundula wa malo oposa 100,000, boma ndi boma, n'kunena kuti mwinimunda aliyense wofuna kugwira ntchito pamalo olembedwa kapena pafupi napo adziwitse boma m'kalata kudakali miyezi iwiri. Mu 2023 anapanganso lamulo latsopano losonkhanitsa zonsezi pamodzi. Ndiye kangalande kopanda dzina m'munda mwa mlimi wa ku Kilkenny kali ndi chitetezo chomwe mnzake wa ku Essex mwina alibe. Apa ndimawagonjera alamu anga.

Pa zinthu zotoledwa m'nthaka mpamene sindigonja. Ku England munthu akhoza kugula makina ofufuzira zitsulo pansi, kupempha mwinimunda, n'kumayenda Loweruka lonse akukumba, bola pasakhale pamalo otetezedwa aja. Akapeza zagolide kapena zasiliva zopitirira zaka 300, lamulo la 1996 limati anene pasanathe masiku 14. Nyumba yosungiramo zakale ikazifuna imagula, ndalama n'kugawana wotola ndi mwinimunda. Zina zambiri, mabatani, malamba, zidindo zamkuwa, ndi zawo, koma kuyambira 1997 pali dongosolo loti azikazionetsa mwaufulu kwa akatswiri kuti zilembedwe, ndipo zolembedwa kale zinapitirira miliyoni imodzi.

Ku Ireland kufufuza zakale ndi makina amenewo popanda laisensi ndi mlandu, ngakhale m'munda mwako, ndipo chilichonse chakale chopanda mwini wodziwika ndi cha boma. Chinawafikitsa apa ndi nkhani ya ku Derrynaflan m'boma la Tipperary, komwe mu 1980 bambo wina ndi mwana wake anafukula chikho cha Misa chasiliva ndi ziwiya zina za zaka zoposa 1,000, pamalo pomwe panali nyumba ya amonke. Mlandu wake unakafika ku khoti lalikulu, lomwe mu 1987 linagamula kuti chumacho ndi cha dziko, otolawo n'kungopatsidwa mphoto. Chaka chomwecho lamulo la makina aja linakhwima.

Alamu anga amati umu ndi momwe ziyenera kukhalira, mbiri ya dziko si ya munthu mmodzi. Pa mfundoyo sindikana, ndipo Scotland nayo imati chotoledwa chilichonse ndi cha ufumu. Koma ndimawafunsa kuti: munthu amene watola mobisa, akudziwa kuti akanena alowa m'mavuto, anena? Wa ku England amabwera nazo poyera, akatswiri n'kudziwa kuti pamunda wakutiwakuti panali msika kapena kachisi yemwe palibe ankamudziwa. Iwo amayankha kuti ndalama yachitsulo ikazulidwa pomwe inagona, theka la nkhani yake latayika kale, ndipo zolembedwazo ndi zomwe anthu asankha okha kuonetsa. Pamenepo timangotsegula ina.

Chinandikhudza kwambiri ku Ireland si lamulo ayi. Kupatula ngalande za Anomani, kuli malinga ozungulira akale kuposa apo, oposa 40,000, omwe anthu akumudzi ankati mumakhala timizimu ta m'nthano zawo. Wodula mtengo m'menemo kapena wogumula mtumbira ankati ng'ombe zake zifa, kapena iye mwini apunduka. Mlimi sankasiyanitsa kuti ili ndi linga lozungulira, ili ndi lamakona anayi la Anomani. Onse ankangowalambalala polima. Mwa njira imeneyi mantha anasunga zomwe boma linali lisanaziwerenge n'komwe. Ife izi tikuzidziwa: yendani kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, paliponse pomwe mwaona mitengo yachilengedwe yaunjikana pakati pa minda yoyera mbee, mudziwe kuti ndi kumanda. Ngakhale mu 1999, pomanga msewu waukulu pa Latoon m'boma la Clare, kachitsamba kena kamene amati n'ka timizimu timeneti anakasiya chiimire m'mbali mwa msewu. Komabe mantha amatha mphamvu ndalama ikalowa. Dzikolo litalowa m'bungwe la zachuma la ku Ulaya mu 1973 ulimi unakula, minda inaphatikizidwa, ndipo akatapila anasalaza mitumbira yambirimbiri yomwe agogo a oyendetsa akatapilawo sakanayerekeza kuikhudza ndi khasu.

Mdani wina yemwe ali mbali zonse ziwiri ndi mwinimalo wokonda ukhondo. Chuma chenicheni cha ngalande si mphete yagolide koma thope la pansi. M'matope onyowa mulibe mpweya, ndiye zomwe zikanawola kalekale zimasungika: nsapato zachikopa, mbale zamtengo, mizati ya mlatho, njere za zipatso zomwe ankadya, minga za nsomba, ngakhale zochokera m'chimbudzi, pakuti zimbudzi zambiri zinkatsanulira momwemo. Ku Weoley ofukula anapeza matabwa a nyumba ya m'zaka za m'ma 1200 adakali osungika m'chinyontho. Munthu akagula malo otere n'kuitana katapila kuti achotse thope, madzi aoneke bwino pa chithunzi, amataya zonsezo masana amodzi, yekha akuyesa kuti akukonza.

Alamu anga akubwera pa Isitala. Ndawauza kuti ndikawaonetsa Hobs Moat ku Solihull, komwe mtumbira udakali wautali pakati pa mitengo ndipo ana a m'deralo amatsetserekapo ndi njinga, kenako tikathere ku Kent's Moat akaone okha zovala zitayanikidwa pabwalo la mwinimalo.