Mwana akalowa ntchito ku kampani ya IT tisamathamangire kumuwerengera ndalama

Abale anga a kuno ku Chigwa cha Shire, mwana wathu akamaliza ku MUBAS kapena ku MUST n'kulembedwa ku kampani yaikulu ya IT (za makompyuta), tiyambe tamufunsa kaye kuti akugona bwanji. Kuno ku Nchalo anthu akangomva kuti uje amagwira za makompyuta ku Blantyre basi ndi bwana ameneyo, fizi ya ana a mlongo wake ndi iyeyo, malata a nyumba inagwa ndi Freddy ija ndi iyeyo, maliro akagwa bokosi ndi iyeyonso.

Koma ntchitoyi mukuidziwa mmene imayendera? Makampani amenewa chimene amagulitsa ndi maola a antchito awo. Banki kaya kampani ya mafoni imasaina nawo kontrakiti yoti system ikagwa ikonzedwe asanathe maola akutiakuti, akachedwa alipira chindapusa. Ndiye chindapusa chimenecho ndi chimene chimadzutsa mphwanga, amene amagwira ku kampani yotereyi, 2 koloko usiku. Amati ali pa standby, foni osazimitsa, laputopu kumutu kwa bedi, Khrisimasi yomwe ilibe kanthu. Ndinamuona ndi maso angawa pa maliro a malume ku Ngabu, ife tili pa siwa tikuimba iye wakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba laputopu pa maondo, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwathu kuja kwa October, akusakasaka netiweki, uku bwana wake akuimba mobwerezabwereza kuti kasitomala wakwiya. Anthu ena mpaka kumanong'ona kuti mwanayu wayamba matama, pamaliro pomwe ali pa kompyuta. Zinandiwawa kwambiri. Ovataimu ya usiku umenewo sanaione, akuti zinalowa kale mu salale.

Ndipo si kuno kokha ayi. Ku India kumene kuli makampani akuluakulu a ntchito imeneyi, Narayana Murthy, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya Infosys, ananena mu 2023 kuti achinyamata azigwira maola 70 pa sabata. Kampani ina ya komweko, TCS, yomwe inali ndi antchito oposa 600,000, inalengeza mu 2025 kuti ichotsa anthu pafupifupi 12,000. Kumeneko pulojekiti ikatha amakuika pa bench, ndiye kuti uli pa ntchito koma palibe kasitomala akukulipirira, mtima uli m'mwamba tsiku ndi tsiku kudikira kuti akupatsa ina kapena akupatsa kalata yokuchotsa ntchito. Ngati akuluakulu a ntchitoyi amaganiza choncho, nanga mwana wathu wa kontrakiti ya chaka chimodzi angayankhule chiyani kwa bwana?

Sindikunena kuti ana asapiteko. Apite ndithu, kumeneko munthu amagwira makina enieni a netiweki, ma server ndi ma router, amene kusukulu ankangowaona m'buku, ena amawalipirira mayeso a CCNA (satifiketi ya za netiweki), ena ali ndi medical scheme, zimenezo n'zabwino zedi. Mphwanga lero netiweki ikavuta amadziwa poyambira, nzeru imeneyo palibe angamulande.

Chimene ndikukana ine ndi choti kampani izimufinya kumtunda kuja ifenso tizimufinya kuno kumudzi, mapeto ake mwana wa zaka 20 chakuti ali kale pa mankhwala a BP ndi katapila pamwamba. Lamulo la ntchito m'Malawi muno limati maola ndi 48 pa sabata, opitirira pamenepo ndi ovataimu, ndipo silinapatule anthu a makompyuta. Inu achinyamata a ku Chikwawa ndi Nsanje amene mukupita ku ma intavyu, musachite manyazi kufunsa musanasaine, standby imalipidwa bwanji, akakutumani kutsika mapiri kudzakonza ATM ku Bangula alawansi imabwera liti, ndipo akakulipirirani satifiketi akumangani zaka zingati musanachoke.