Maganizo anga: kampani ikagwa, wamng'ono ndiye amalipira

Ndakwiya, ndipo ndikulemba ndili wokwiya. Alamu anga, mayi amene akhala akupereka mazira ndi ndiwo zamasamba kukampani ina ya masitolo, alandira kalata yochokera kwa liquidator, munthu amene waikidwa kuti athetse kampaniyo itagwa ndi kugawa chuma chake kwa oyenera kulipidwa, yowauza kuti ndalama zawo zalembedwa m'kaundula, koma popeza iwo ali m'gulu la anthu opanda chikole, adikire kufikira onse amene ali patsogolo pawo atalipidwa. Kalatayo ndi yaulemu, ili ndi chidindo, ndipo palibe lamulo limene yaphwanya, ndiye chimene chikundiwawa kwambiri nchomwecho. Munthu anakatenga ngongole kubanki mkhonde kuti agule chakudya cha nkhuku, napereka katundu wake asanalipidwe chifukwa anauzidwa kuti masitolo akuluakulu amagwira ntchito motero, ndipo lero lamulo lenilenilo ndi limene likumuika kumapeto kwa mzere.

Mfundo yanga ndi imodzi yokha. Malamulo okhudza kugwa kwa makampani asinthidwa m'maiko ambiri pa zaka zapitazi, koma malo a munthu wamng'ono sanasunthe. South Africa inayamba kugwiritsa ntchito business rescue, njira yopulumutsira kampani imene ili m'mavuto a ngongole, mu 2011, Kenya inakhazikitsa lamulo latsopano mu 2015, ife kuno ku Malawi komanso India mu 2016, Zambia mu 2017, Zimbabwe mu 2018, ndipo Germany ndi Netherlands anayamba njira zawo zatsopano mu Januwale 2021. Malamulo onsewa akunena chinthu chimodzi, kuti kampani yodwala isafulumire kuthetsedwa koma ipatsidwe mpata wopuma ndi kukonzedwanso. Ine sindikutsutsa zopulumutsa kampani. Ndikufunsa kuti mtengo wa chipulumutsocho akuusenza ndani, ndipo kulikonse kumene ndayang'ana yankho lake ndi lomwelo: wogulitsa katundu wamng'ono, mlimi, mwini lole imodzi, ndi wantchito amene akudikira ndalama zake zopumira.

Taonani zimene anachita ku Britain mu Juni 2020. Lamulo lawo latsopano linapatsa khoti mphamvu yovomereza dongosolo lokonzanso ngongole za kampani ngakhale gulu lina la oyenera kulipidwa litakana, bola woweruza akhutire kuti gululo silikutaya zoposa zimene likanataya kampaniyo ikanagweratu. Kwa munthu wopanda chikole, amene kampani ikagwa sapeza chilichonse, muyezo umenewu ukungomuuza kuti akhale chete popeza analibe kanthu kale. Lamulo lomwelo linaletsanso wogulitsa katundu kuthetsa mgwirizano chifukwa chakuti kampani yomwe amaigulitsa yalowa m'mavuto a ngongole, ndiponso linamuletsa kunena kuti ayambe walipidwa ngongole yakale asanabweretse katundu wina. Ndiye kuti munthu amene sanalipidwe akukakamizidwa kupitiriza kudyetsa kampani imene yamudyera ndalama zake. Pa 1 Disembala chaka chomwecho boma la Britain linadzikankhiranso patsogolo pa mzere pa misonkho monga VAT ndi PAYE, ndipo boma likasuntha kupita kutsogolo, amene amabwerera m'mbuyo ndi wamng'ono yemweyo. Izi zinachitika m'dziko limene mu Januwale 2018 linaona kampani ya zomangamanga ya Carillion ikugwa ndi kusiya mabizinesi pafupifupi 30,000 akulira. Anaona ndi maso awo, koma lamulo limene anabwera nalo linalimbitsa dzanja la wamkulu.

Ena andiuza kuti makhoti a ku London ayamba kudzuka, ndipo nzoona kuti khoti la apilo linakana dongosolo la kampani ya Adler mu Januwale 2024 ndi la Petrofac mu Julayi 2025, ponena kuti phindu la kukonzanso kampani liyenera kugawidwa mwachilungamo. Koma funsani kuti anakadandaula kukhoti pa mlandu wa Petrofac anali ndani. Anali Saipem ndi Samsung, makampani amene angathe kulemba maloya odula kwambiri padziko lapansi. Chilungamo chimene chimafuna thumba lotere sichingamufike mayi wogulitsa mazira.

Ku India zinthu anaziika poyera. M'komiti imene imagamula tsogolo la kampani mumavota mabanki ndi ena okongoza ndalama, pamene amene anapereka katundu kapena ntchito alibe voti. Pa mlandu wa kampani ya zitsulo ya Essar Steel mu Novembala 2019 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti komitiyo ndiyo ili ndi nzeru zogawa ndalama, ndipo sikofunika kuti magulu awiriwa alandire mofanana. Amene akugawa ndi yemweyo amene akulandira, ndipo tikuyembekezera kuti akumbukire amene ali kunja kwa chipinda.

Kuno kwathu ku Africa nkhani ndi yomweyo, kungoti mabala ake ndi akuya chifukwa anthu athu alibe pogwira pena. Masitolo a Nakumatt ku Kenya anaikidwa m'manja mwa woyang'anira mu 2018 ndi lonjezo lakuti adzuka, koma mu Januwale 2020 anathetsedwa, ndipo ambiri mwa amene ankawagulitsa katundu anatsala chimanjamanja. Ku Zambia mgodi wa Konkola Copper Mines unaikidwa m'manja mwa liquidator wongogwirizira mu Meyi 2019, ndipo boma ndi kampani ya Vedanta, imene inali ndi gawo lalikulu la umwini wa mgodiwo, anakokanakokana m'makhoti mpaka 2024. Zaka zisanu zonsezo eni mabizinesi ang'onoang'ono a ku Chingola ndi Chililabombwe anali ndi lendi yolipira, ana ofuna fizi, ndi antchito awoawo ofuna malipiro. Ku South Africa kampani ya shuga ya Tongaat Hulett, imene panthawiyo inalinso ndi minda ndi mafakitale ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, inalowa mu business rescue mu Okutobala 2022 pambuyo pa chinyengo cha m'mabuku a ndalama chimene alimi a nzimbe sanachite nawo. Oyendetsa chipulumutsocho anaimitsa ndalama zimene kampaniyo imayenera kupereka kubungwe loyang'anira ulimi ndi malonda a shuga, ndipo zinatengera khoti la ku Durban kugamula mu 2023 kuti analibe mphamvu yotero. Olakwa anali m'maofesi, koma woyamba kumva ululu anali mlimi wa nzimbe wa ku KwaZulu-Natal.

Chimene chimandikwiyitsa koposa ndi eni makampani amene amabisala kuseri kwa lamulo. Ku United States banja la Sackler, eni ake a Purdue Pharma imene mankhwala ake a OxyContin anathandiza kugwetsa anthu ambirimbiri m'ukapolo wa mankhwala ozunguza bongo, linatulutsa pafupifupi madola 11 biliyoni m'kampaniyo zinthu zisanavute. Kenako linafuna kubweza mpaka madola 6 biliyoni kuti likhululukidwe milandu yonse, ngakhale kuti banjalo palokha silinalengeze kuti lalephera kubweza ngongole. Khoti lalikulu linakana pa 27 Juni 2024, koma oweruza asanu okha ndiwo anakana, anayi anali okonzeka kuvomera. Johnson & Johnson nayo inapanga kampani yaing'ono, nkuisenzetsa milandu ya anthu odandaula kuti paudala wake anawadwalitsa khansa, nkuitumiza kukhoti la ngongole, kampani yaikuluyo ili bwinobwino. Makhoti anaikana katatu, komaliza mu Malichi 2025, koma pa zaka zonsezo odwala ankadikira ndipo ena anamwalira akudikira. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo eni chuma aphunzira kukhala pamkhate umene umatchedwa ntchito za anthu, kuti aliyense wofuna kuwafunsa aope kuphwanya kampani.

Ndikudziwa kuti mabanki sangakongoze popanda chikole, ndikudziwanso kuti mliri wa Covid ndi kukwera kwa chiwongoladzanja kunafooketsa makampani ambiri, koma zimenezo sizikufotokoza chifukwa chimene amene analibe mawu pa kayendetsedwe ka kampani ayenera kukhala woyamba kutaya ndi womaliza kulandira. Banki inaona mabuku, inawerengera ngozi, inaika chiwongoladzanja chake, ndipo inagwira nyumba ndi galimoto ngati chikole. Wogulitsa katundu wamng'ono sanaone buku lililonse, analibe mphamvu yokana kugulitsa pa ngongole, ndipo analandira chikalata cha oda basi. Pa anthu awiriwa lamulo likuteteza amene anali wotetezedwa kale. Inu aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, lamulo lathu la 2016 linabweretsa njira yokonzanso kampani, zikomo, koma tiuzeni kuti ndi ndime iti imene imatsimikiza kuti munthu amene ngongole yake ndi yochepa alipidwa msanga ndiponso mokwanira. Ndalama zolipira anthu otere nzochepa poyerekeza ndi za banki imodzi, koma kwa iwo ndi mpamba wonse wa moyo wawo.

Ndipo pali nkhani ya malipiro a akatswiri amene amapatsidwa makampaniwa. Pafupifupi paliponse ndalama za liquidator, za maloya ndi za owerengera chuma zimachotsedwa poyamba, wantchito ndi wogulitsa katundu asanaone tambala, ndipo ntchito ikamachedwa malipiro awo ndiye amakula. Munthu amene amapindula nkhani ikatalika sangakhale ndi changu choimaliza. Zidziwitso za misonkhano amaziika m'Gazette, chikalata cha zidziwitso za boma, ndi kumasamba akumapeto a nyuzipepala, m'Chingerezi cha maloya, ndi tsiku lomaliza limene anthu amalimva litadutsa. Wailesi zilipo, mafoni alipo, manambala a anthuwa ali m'mabuku a kampani momwemo, ndipo pa nthawi yofuna katundu ankawaimbira usiku. Pa nthawi yowaitanira kumsonkhano wokambirana ndalama zawo, palibe amene amaimba.