Mbale za zipatso ndi maluwa si zotsekera m'kabati

Kwa zaka 7 tsopano ndakhala ndikutolera mbale zadothi zojambulidwa zipatso, masamba ndi maluwa, ndipo anzanga amene amabwera kudzandichezera kuno ku England akhala akundifunsa mobwerezabwereza chifukwa chimene ndimapakulira nsima m'mbale zimene, m'kuona kwawo, malo ake ndi m'kabati ya magalasi. Mmodzi anachita kugwira pakamwa ataona ndikuthira nyemba m'mbale ya mkombero wagolide, nkundiuza kuti ndikuwononga chuma. Ndaona kuti ndiwayankhe onse pamodzi, pakuti nkhaniyi ili pamtima panga.

Mbale yanga yoyamba ndinaigula mapaundi 2 m'kashopu kogulitsa katundu wakale amene anthu amapereka kuti ndalama zake zithandize osowa. Inali pansi pa mulu wa masosala, yafumbi, koma nditaipukuta ndi chala ndinaona duwa limene ndinalizindikira nthawi yomweyo. Linali ndi timizere tabuluu tozungulira pakati, masamba ogawikana ngati zala, ndi timichira topotana tija timene chomera chimagwirira pa mpanda. Mtima unathamangira ku Ntcheu, kuseri kwa khitchini ya agogo, kumene magalagadeya ankayanga pa mpanda wa bango ndipo ife tinkathothola maluwa ake tisanadziwe kuti tikuchepetsa zipatso. Pansi pa duwalo panalembedwa dzina la Chilatini, Passiflora caerulea. Pambuyo pake ndinamva kuti chomera chimenechi ndi mbale wake chabe wa magalagadeya amene timadya, koma wojambulayo anali atachiyang'anitsitsa kwambiri moti ubale wakewo sunabisike. Nditaitembenuza ndinapeza chidindo cholembedwa Portmeirion, Botanic Garden.

Mayi amene anayambitsa mtundu umenewu wa mbale anali Susan Williams-Ellis, mwana wa katswiri amene anamanga mudzi wa Portmeirion kumpoto kwa Wales. Iye ndi mwamuna wake anayamba ntchito yopanga mbale mu 1960 ku Stoke-on-Trent, mzinda umene mbiri yake yonse ndi ya dothi ndi ng'anjo. Mbale za Botanic Garden zinatuluka mu 1972, ndipo zithunzi zake mayiyu anazitenga m'mabuku akale a zomera a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Chimene chinali chachilendo pa nthawiyo n'chakuti mbale za gulu limodzi sizinali zofanana: iyi duwa lake, inayo duwa lina, ndipo chozilumikiza chinali mkombero wa timasamba tobiriwira basi. Kwa ine mfundo yagona pamenepa. Mbale zikakhala kuti zonse 12 n'zofanana, imodzi ikasweka mwini wake amaona ngati zonse zawonongeka, n'chifukwa chake amaopa kuzigwira. Koma ngati iliyonse ili ndi duwa lake, munthu atha kugula imodzi mwezi uno, ina chaka chamawa, ndipo ikasweka amadandaula tsiku limodzi nkukafuna ina. Zinapangidwa m'njira yoti munthu azidyera wopanda mantha.

Mu 1982 kampani yomweyi inatulutsa mbale za zipatso zotchedwa Pomona, dzina la mulungu wamkazi wa zipatso wa Aroma akale. Ndili nazo 9. Chimene chimandikoka pa izi ndi maina, chifukwa chipatso chilichonse chili ndi dzina la mtundu wake, monga Hoary Morning Apple kapena Late Duke Cherry, mitundu imene simungaione m'masitolo akuluakulu a masiku ano. Munthu wokulira kwathu amamvetsa kufunika kwa zimenezi, pakuti ifenso sitinena kuti mango basi, timasiyanitsa boloma ndi kalisere, ndipo aliyense amadziwa amene amakoma akapsa ndi amene ali ndi ulusi wambiri.

Mbale ya nyemba ija ndi ya mtundu wina, wa Evesham, umene kampani ya Royal Worcester inayamba kupanga mu 1961. Dzinali n'la chigwa cha ku Worcestershire chotchuka ndi minda ya zipatso, ndipo pa mbalezi pali maapozi, mapulamu ndi zina, ngakhalenso chimanga chachiwisi chosenda pang'ono makoko, chimene ndikachiona ndimamva ngati andijambulira ine. Anazipanga kuti zizilowa mu uvuni nkupita pathebulo zili zomwezo, kutanthauza kuti zinali mbale za ntchito kuyambira pachiyambi. Otolera ambiri amafuna zimene golide wa mumkombero sanasuluke ngakhale pang'ono, ndipo amalipira ndalama zambiri pa zoterozo. Ine ndimasiyana nawo. Pa ntchito yanga yosamalira okalamba m'makomo mwawo ndinadziwana ndi agogo ena amene anali ndi mbale za Evesham zodzaza kabati, mphatso ya pa ukwati wawo, ndipo anandiuza okha kuti anadyeramo kawiri kapena katatu m'moyo wawo wonse. Tsiku ndi tsiku ndinkawapatsa chakudya m'kambale kapulasitiki, mbale zawo zokongola zili poteropo, golide ali phuliphuli. Atamwalira, ana awo anazilonga m'makatoni nkukazisiya ku shopu ya zachifundo. Kuyambira pamenepo, ndikapeza mbale imene golide wake anasuluka mbali imodzi, ndimadziwa kuti panali banja limene linkaisangalalira, ndipo ndimaigula mosanyinyirika.

Sindikunyoza mwambo wa mbale za alendo, chifukwa ndinakulira momwemo. Amayi anali ndi mbale zadothi 6 za maluwa ofiira ndi makapu ake, ndipo ife ana tinkadyera m'mbale zamalata ndi m'mabakuli, zadothizo tikungoziona pagalasi. Zinkatuluka akabwera abusa, ankhoswe kapena achibale ochokera kutali. Panali nzeru pamenepo, pakuti mlendo ndi mame, ndipo munthu wosauka amasonyeza ulemu ndi chinthu chabwino chimene ali nacho. Komanso mbale imodzi inali ndalama ya masiku angapo, ndipo nyumba ya ana 7 si malo a zinthu zosweka. Chimene chimandiwawa n'chakuti amayi, amene anazigula ndi ndalama ya mandasi, sindinawaonepo akumwera tiyi m'kapu imodzi ya makapu amenewo. Ife amene Mulungu watipatsa kangachepe sitiyenera kupitiriza kudzimana kumeneku ngati kuti ndi lamulo, pamene makolo athu ankatero chifukwa chosowa pogwira.

Ngakhale mbale za maluwa zolemekezeka kuposa zonse sizinangokhala zoonera. Ku Denmark, fakitale ya mfumu ya ku Copenhagen inayamba mu 1790 kupanga mbale zotchedwa Flora Danica, zimene akuti zinali mphatso ya Catherine II, mfumukazi ya ku Russia. Mfumukaziyo inamwalira mu 1796 ntchito isanathe, ndipo mbalezo, zokwana 1,802, zinatsala ku Denmark komweko. Zambiri anazijambula pamanja munthu mmodzi, Johann Christoph Bayer, akutsanzira zithunzi za zomera zam'dzikolo monga zilili, nthawi zina ndi mizu yomwe, dzina la Chilatini nkulilemba kunsi kwa mbale. Banja lachifumu linadyeramo koyamba mu 1803, zina zinasweka m'kupita kwa zaka, ndipo zotsalazo ndi pafupifupi 1,500. Ngati eni chuma chotere analola kuti mbale zawo zione msuzi, ine ndingakanirenji ndi mbale ya mapaundi 2?

Kudyera m'mbale sikutanthauza kuzigwira mosasamala. Zanga ndimatsuka pamanja ndi siponji yofewa, za mkombero wagolide sindiziika mu microwave, ndipo posanjikiza ndimaika kansalu pakati. Pogula ndimaigogoda ndi chikhadabo: yabwino imalira kuti ngwee, ya mng'alu wobisika imamveka ngati chikho chong'aluka. Ndimaipendeketsanso kuwala kuti ndione ngati ili ndi timing'alu tating'ono ngati ukonde wa kangaude, chifukwa mmenemo mumalowa mafuta ndi litsiro, ndipo utoto wa mbale zina zakale kwambiri unkakhala ndi mtovu. Zoterozo ndimaikamo malalanje kapena makiyi, koma osati chakudya chotentha. Amene akufuna kuyamba kutolera poganiza kuti adzagulitsa modula ndimawauza chilungamo, kuti mbale za Botanic Garden, Pomona ndi Evesham zinapangidwa zochuluka zedi, zithunzi zake n'zosindikiza nkumata asanaziwotche komaliza, choncho phindu la ndalama n'lochepa kupatula pa maluwa ochepa amene anasiya kuwapanga kalekale.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandisowetsa mtendere ndikayang'ana kabati yanga. Ndikudziwa maina a maapozi a ku England amene sindinalawepo, koma ndilibe mbale ngakhale imodzi ya masuku, matowo, masau, bwemba kapena malambe. Luso kwathu lilipo, ndipo amene anafikapo ku Dedza Pottery, komwe akhala akuumba ndi kujambula mbale pamanja kuyambira mu 1987, angandivomereze. Zomera nazo zilipo, pakuti pa Nyika pokha pali mitundu yoposa 200 ya maluwa a mtundu umodzi ndi chomera chimene timapangira chinaka. Ndikulakalaka wojambula wina atakhala pansi pa mtengo wa masuku mu Novembala, nkujambula nthambi imodzi mosafulumira: tsamba lake lalikulu lokhuthala, zipatso zothothoka zokha, limodzi lophwanyidwa kuti nthangala zake zioneke, ndipo kunsi kwake nkulemba kuti msuku, Uapaca kirkiana. Mwezi wa Disembala ndikubwera kumudzi, ndipo mbale ya duwa la magalagadeya ija ndaikulunga kale m'chitenje kuti ndikaionetse kwa oumba, aone zimene ndikutanthauza. Ndikakamaliza ndikaisiya kwa azakhali anga ku Ntcheu, ndipo ndawauza kale pafoni kuti ndi yodyeramo iwo, m'mawa ndi madzulo.