Ku Ferney-Voltaire nyama njotchipa, koma mwana asakudwalireni

Lachiwiri usiku mwana wanga anatentha thupi ngati moto, akulira atagwira khutu. Kutacha ndinaimba kwa madokotala asanu a kuno ku Ferney-Voltaire, m'dziko la France, ndipo konseko yankho linali limodzi: sitikulandira odwala atsopano. Pomwe ndinaima pawindo, foni ili kukhutu, ndinkaona ndege zikunyamuka pa bwalo la Geneva. Malire a France ndi Switzerland ali pompano, msewu wake umadutsa pansi pa bwalo la ndegelo, ndipo ukangotulukira tsidya linalo zipatala zili mbwee. Koma nditayamba ntchito ku Geneva ndinasankha inshuwalansi ya zaumoyo ya France osati ya Switzerland, ndipo ukasankha wasankhiratu. Ndinayendetsa galimoto kuzungulira Geneva yense mpaka ku Haute-Savoie, dera lina la France, mwana akubuula kumbuyo, kuti akaonedwe ndi dokotala wa mbali ya France.

Abale anga amene mukuganiza zosamukira kuno pothawa lendi ya ku Switzerland, yang'anani kaye mapu. Ferney ndi katauni kosakwana masikweya kilomita 5, ka anthu pafupifupi 10,000, m'dera la Pays de Gex. Kumbuyo kwathu kwatchinga mapiri a Jura, kutsogolo malire. Ngakhale nyanja ya Geneva sitiikhudza, chifukwa mu 1815 midzi ngati Versoix, Meyrin ndi Grand-Saconnex inaperekedwa ku Geneva. Likulu la boma lathu la Ain, Bourg-en-Bresse, lili kutali kuseri kwa mapiriwo. Dera lonse la Pays de Gex lili ndi anthu pafupifupi 100,000, koma mayi woyembekezera alibe chipatala chochilirako kuno. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Chifukwa chake aliyense akuchidziwa. Namwino amene waphunzira ku France angakhalirenji pano, pamene basi ya mphindi zochepa imufikitsa kumene malipiro ndi owirikiza? Mu 2020 anthu a ku Geneva anavota kuti wantchito asamalandire zochepera mafranki 23 pa ola. Anthu oposa 100,000 ali ndi chilolezo chowoloka malire kukagwira ntchito kumeneko. M'mawa Ferney yense amakhuthukira ku Switzerland, madzulo n'kubwerera kudzangogona. Otsala, aphunzitsi ndi ogulitsa m'masitolo, amalipira lendi yokwezedwa ndi ife olandira mafranki.

Sindikana, France ili ndi zake zabwino. Msika wa Loweruka wa kuno ulibe mnzake: tchizi, nkhuku zowotcha, masamba a kudimba, ndipo anthu amaima n'kucheza osayang'ana wotchi. Aswisi omwewo amadzaza magalimoto awo m'masitolo athu, ngakhale boma lawo linaika lamulo lakuti nyama yolowa m'dziko lawo popanda msonkho isapitirire kilogalamu imodzi pa munthu. Kunonso ndimachapa tsiku limene ndafuna, osati kudikira tsiku langa pa ndandanda ya m'chipinda chochapira ngati mmene tinkachitira tili ku Geneva.

Koma nkhuku yowotcha sichiza khutu. Voltaire, wolemba mabuku wotchuka wa ku France, atafika kuno cha m'ma 1759 anapeza kamudzi ka nyumba zowerengeka, n'kumanga nyumba zina, n'kukopa amisiri okonza mawotchi kuchokera ku Geneva kuti adzagwire ntchito kuno. Lero anthu akulowera kwina. Mwana wachira, koma dokotala wathuwathu sitinamupezebe, ndipo ndayambanso kufunsa za nyumba ku Meyrin.