Ku Germany ndinabwerera sukulu, ine si wa ku Joni

Kwathu ku Mangochi munthu akangowoloka malire, basi ameneyo ndi wandalama. Sindikukudzudzulani, ndi mmene tinakulira tonse. Yendani ku Namwera, ku Katuli, ku Makanjira mpaka kwa Chimwala, mukaona nyumba yanjerwa zootcha ya malata atsopano n'kufunsa mwini wake, yankho ndi limodzi: ali ku Joni. Njinga yamoto ya kabaza, ndalama za ku Joni. Sola padenga, ya ku Joni. Ndiye inenso nditangokwera ndege kubwera ku Germany pa pulogalamu yosinthana ophunzira, mwandilemba m'kaundula yemweyo, mwinanso pamwamba penipeni poti kuno ndalama yake ndi yuro osati randi. Ndati ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere yekha, chifukwa zoyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp amene mukundipempha ndalama ndi katundu zanditopetsa.

Achimwene athu a ku Joni aja anapita kukagwira ntchito. Amavutika, ena amagona asanu m'chipinda chimodzi, koma mwezi ukatha amalandira, n'kupita pa Mukuru kukatumiza. Ine ndalama yanga anaiwerengera kale ndisanafike. Boma la Germany, kuyambira mu September 2024, limafuna kuti wophunzira wochokera kunja aonetse kuti ali ndi mayuro 11,904 a chaka chonse, kutanthauza 992 pamwezi. Ameneyo ndiye muyeso wawo wa ndalama yochepetsetsa yoti mwana wasukulu asafe ndi njala, ndipo zimene amandipatsa ondilipirira sukulu sizili kutali ndi pamenepo. Inu mukamva nambala imeneyi mumatenga foni, kuchulukitsa ndi mtengo wa kwacha, yomwenso inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, n'kuona yapitirira miliyoni. Pamenepo mitu imaima. Mumaiwala kuti ndalamayo sindidyera pa msika wa Mangochi, ndimadyera konkuno.

Pafupifupi theka limapita ku chipinda. Ndikuti chipinda, osati nyumba: bedi, tebulo, kabati, khichini ndi bafa timagwiritsa ntchito tonse ndi anzanga a mayiko ena. Usanalowe amayamba akufuna dipoziti, ndipo lamulo limalola mwini nyumba kupempha mpaka lendi ya miyezi itatu. Kenako inshuwalansi ya chipatala, yoposa mayuro 120 pamwezi, udwale usadwale. Popanda imeneyi yunivesite siikulemba n'komwe. Ndiye pali kandalama kena kamene kamandiwawa kuposa zonse, ka wailesi ndi TV za boma, mayuro 18.36 pamwezi pa nyumba iliyonse. Ulibe TV, zilibe kanthu. Sumva chinenero chawo, zilibe kanthu. Kalata imangofika ndithu. Onjezani ya semesita, ya foni, ya makina ochapira omwe amadya makobidi ngakhale ukungochapa malaya awiri. Zotsala ndiye chakudya changa, ndipo m'zotsalamo ndi mmene amalume akufuna iPhone.

Wina anandiuza kuti, "Ukamaweruka uzigwira ganyu, anzako amatero." Eya, chilolezo chilipo, masiku 140 athunthu pachaka kapena 280 a theka. Malipiro otsikitsitsa mu 2025 anali mayuro 12.82 pa ola, ndipo ndikudziwa mwatenganso kale foni kuti muchulukitse. Koma kuno ganyu samupeza poima pa mphambano m'mawa. Ngakhale kutsuka mbale m'lesitilanti amafuna nambala ya msonkho, pepala la inshuwalansi, akaunti ya kubanki, ndipo bwana akakufunsa m'Chijeremani iwe n'kuyankha m'Chingerezi, amati tikuimbirani, osaimbanso. Zoyala thumba pansi n'kuyamba kugulitsa kanthu kako, zimenezo zimafuna chilolezo china chapadera. Komanso munthu unabwerera mayeso. Ukalephera, amene akukulipirirayo safunsa kuti unali pa shifiti.

Nkhani ya mapepala yokha ndikhoza kulemba mpaka mawa. Ukafika uyenera kukalembetsa kuboma kumene ukukhala pasanathe masiku 14, utanyamula kalata yosainidwa ndi mwini nyumba. Koma ku ofesiko sungangofika n'kuima pamzere, umayamba wapempha tsiku pa intaneti, ndipo tsiku limene linapezeka linali kutali kuposa masiku 14 awo omwewo. Popanda pepala limenelo banki imene ndinapitako inakana kunditsegulira akaunti. Popanda akaunti ndalama yanga inalibe polowera. Popanda ndalama mwini nyumba ankangonditumizira mauthenga aulemu kwambiri, oopseza mwaulemu. Ndipo dziko lotukukali zinthu zake zambiri zimayendabe pa positi. Khadi la kubanki pa positi, nambala yake yachinsinsi kalata ina, nambala ya msonkho inanso. Woyang'anira nyumba yathu anachedwa kumata dzina langa pa kabokosi ka makalata, ndiye wapositi atafika osaliona, anabwerera nazo. Kuno kulibe zoti siyirani aneba amupatsa. Masabata amenewo ndinakhalira buledi ndi tiyi, kwinaku foni ikulira, achemwali akufunsa za feteleza.

Tsopano za nsima. Mthiko ndinanyamula kuchokera kwathu, ndipo ndimauyamika kuposa jekete. Ufa woyera umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa ndi ku Asia okha, kapaketi kakang'ono mtengo wake ukanena kwathu akhoza kukuyesa wamisala. Ukasowa umagula wachikasu wa m'supamaketi, wokhakhala, umene nsima yake imakana kugwirana, ukatema imangoyoyoka m'manja. Mbaula yake ndi yamagetsi ya galasi pamwamba, poto amaterereka ukamavundula, ndiye dzanja lina lagwira poto, lina mthiko, phala likuthovokera pa galasi, mnzanga wa ku Spain ataima pakhomo akufunsa ngati ndikupanga simenti. Usipa wouma umene amayi anandimangira ndinkaudya mowerenga, pang'onopang'ono. Tsiku limene ndinaukazinga ndi tomato, fungo lake linandifikitsa pa doko la M'baluku, mtima unakhala m'malo. M'mawa mwake ndinapeza kapepala pa firiji, kosasainidwa, kopempha kuti "amene amaphika nsomba" azitsegula zenera. Tilimo anthu ochepa m'nyumbamo, tonse timadziwana nkhope, ndipo wophika nsomba ndi mmodzi. Bwanji osangogogoda n'kundiuza? Tchizi chawo chonunkha chija chimakhala m'firiji momwemo mwezi wonse, ine sindinalembepo kapepala.

Ndiye tangoganizani mwana wa ku Mangochi, wokulira pakati pa nyanja ya Malawi ndi Malombe, Shire akudutsa pakhomo, kukagula nsomba ya m'firiji yolimba ndi ayezi, yokutidwa m'pulasitiki, yochokera ku mafamu a ku Asia. Amati ndi mtundu wa chambo. Ukaiphika imatuluka madzi okhaokha, mutu wake ulibe choyamwa. Nyama nayo ndi nkhani ina kwa ife a Chisilamu. Nkhumba ili paliponse, mu soseji, mu supu, ngakhale m'maswiti ofewa aja muli gelatini. Ndimaima m'shopu ndi foni kumasulira timalemba ta kuseri kwa paketi, anthu akundidutsa. Amene anatipulumutsa ndi anthu a ku Turkey, ali ndi mabutchala a halal ndi mizikiti yawo. Koma adhana sindinaimvepo ikumveka panja m'tauni imene ndili, nthawi ya swala imandikumbutsa ndi foni, ndipo Lachisanu masana nthawi zambiri ndimakhala m'kalasi.

Chithunzi cha m'chipale chofewa chija, chimene munachizunguza m'magulu onse n'kumati mwana akudya bwino, ndinajambulitsa mwachangu n'kuthawira m'nyumba zala zitafa dzanzi. Mu December dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa, pofika 4 koloko madzulo kwada, ndipo masiku ambiri silioneka n'komwe, kumwamba kumangokhala phulusa. Umapita kukalasi ndi mdima, kubwerako ndi mdima. Ine amene ndinkatukwana kutentha kwa October kwathu, kugona pakhonde thukuta lili kamukamu, lero ndikumeza mapiritsi a vitamini D. Jekete ya pa kaunjika imene tinasankha ndi achimwene, yolemera bwino, mphepo ya kuno inangoiseka.

Koma kuzizira kuli apo, chimene chimadya munthu ndi zii. Kwathu kuchoka pa Soko kukafika pa mlatho wa Bakili Muluzi umapereka moni mpaka kukhosi kuuma. Kuno ukwera basi yodzaza, palibe woyankhula, aliyense maso pa foni. Ukati moni kwa munthu wosamudziwa amayang'ana kumbuyo kuona ngati ukunena wina. Nthawi zina mpando wa pambali panga umakhala wopanda munthu pomwe ena aimirira. Sindinena zambiri, koma maso ndili nawo. Mnzako wa m'kalasi ukamuuza kuti tidzachezeko, amatsegula kalendala n'kukupatsa Lachinayi la sabata ya mawa lake. Lamulungu masitolo amatseka, ukaiwala kugula Loweruka ugona ndi tiyi. Ikakwana 10 koloko usiku phokoso ayi, ndiye pamene inu mumaimba, ine n'kumanong'ona m'bulangete, inu n'kumati wayamba matama, akuyankhula ngati mzungu.

Zinyalala zili ndi malamulo ake, mapepala kwawo, mapulasitiki kwawo, zotsala za chakudya kwawo, mabotolo agalasi mpaka kusiyanitsa mitundu. Botolo lapulasitiki la chakumwa kapena chitini ukabweza ku shopu makina amakubwezera masenti 25, ndipo ine wa ku Ulaya amene mukumudikira ndi mndandanda wa zopempha zanuyu, ndimanyamula thumba la mabotolo kukasintha kuti ndigulire anyezi. Sindili ndekha. Pa siteshoni ndimaona azigogo achizungu akupisa dzanja m'mabini kufuna mabotolo omwewo. Zimenezo pa TV sadzakuonetsani. Ukakwera sitima wopanda tikiti yoyenera chindapusa ndi mayuro 60, ndipo kondakitala wa kuno alibe zoti bwana tikambirane.

Dziko lathu ambiri salidziwa. Ukati Malawi amati Mali. Amene amalidziwa, amalidziwira nsomba. Ajeremani ambiri amaweta mbuna, tinsomba ta m'miyala ya nyanja ya Malawi, m'magalasi m'nyumba zawo, ndipo bambo wina atamva kumene ndikuchokera anasangalala koopsa, kunditchulira mayina a Chilatini a timbuna ta ku Cape Maclear mmodzimmodzi, kundiuzanso kuti paki ya kumeneko inalowa m'ndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1984. Zoona ndithu. Koma atafunsa ngati m'mbali mwa nyanjayo mumakhala anthu ambiri, ndinangomwa madzi. M'shopu ya ziweto ndinaona kambuna kamodzi, kofanana ndi timene ana amaseweretsa m'miyala ku Monkey Bay, mtengo wake woposa chakudya changa chamasana ku kantini ya pasukulu.

Ndikudziwa alipo amene akuti walira mvula walira matope, unafuna wekha. Inde ndinafuna, ndipo sukulu yake ndi yabwino, pamenepo sindinama. Laibulale imatseka usiku kwambiri, magetsi sathima, mu labu chipangizo chilichonse chimene kwathu tinkangochiona pa chithunzi m'buku la sayansi ya nsomba kuno umachigwira ndi manja. Aphunzitsi amafuna uziwatsutsa, chinthu chimene chinanditengera nthawi, poti ife tinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula umayang'ana pansi. Maphunziro ambiri mayeso ake ndi amodzi kumapeto kwa semesita, ndipo umalembetsa wekha. Palibe amene angakutsate kukukumbutsa. Ndikadzabwera ndidzabwera ndi zimene ndaphunzira za madzi ndi nsomba, zoti mwina zingathandize pa Malombe pamene chambo chinatha ife tikuona. Ndicho chimene ondilipirira sukulu ananditumira.

Chimene chandikwiyitsa mpaka kulemba zonsezi si mauthenga obwera kwa ine. Amenewo ndazolowera: laputopu, nsapato za mpira, "undipezere ntchito iliyonse", "undipezere mzungu ngakhale wokalamba". Ndimaseka n'kupitirira. Koma mwayamba kuvutitsa amayi. Pa msika wogulitsa akawaona amakweza mtengo, ati mwana wanu ali kunja. Pa maliro ndi pa sadaka chopereka chawo mwachikweza osawafunsa. Akanena kuti alibe, mumati akubisa, ayamba kudzimva. Mayi amene akugulitsabe zitumbuwa kuti alipirire mng'ono wanga fizi, mukuwayesa banki chifukwa cha chithunzi chimodzi cha m'chipale. Dzana amandiuza pa foni akuseka, koma ndimawadziwa kaseka kawo akakhumudwa.

Ndiye timvane. Semesita ikatha ndikubwera, chitupa changa chili ndi tsiku lothera ndipo sindikufuna kukhala wobisala m'dziko la eni. Chikwama chololedwa ndi cha makilogalamu 23, ndipo mudzakhala mabuku, zovala zanga, nsalu ya amayi ndi mankhwala opaka miyendo a anganga. Musadzatume ana kudzandichingamira pa depoti ndi wilibala. Amalume, foni ija palibe, ndipo sindinalonjeze, munalonjeza nokha m'malo mwanga. Ndipo inu amene munakatenga ndalama kwa amayi ponena kuti ine ndavomera kudzabweza ndikatumiza, dzina lanu andiuza. Mukabweze mwezi uno usanathe, apo ayi ndikaimbira a mfumu ndekha.