Mapointi a pa khadi la ngongole andikwana

Ndikulemba izi ndili wokwiya, ndiye amene mumagwira ntchito ku banki mundikhululukire. Ngati simukufuna kundikhululukira, basinso, zili kwa inu.

Lero m'mawa ndinali mu minibasi pa depoti ya Zomba, kudikira kuti idzaze tipite ku Songani. Poti kudikirako kunatalika, ndinati nditsegule sitetimenti ya khadi langa la ngongole imene inabwera pa imelo dzana. Ndinatenga bolopeni n'kuyamba kuwonkhetsa kuseri kwa lisiti la mayuniti a magetsi. Mapointi onse amene ndasonkhanitsa chaka chathunthu, kuswaipa (kulipira ndi khadi pa kamakina) uku ndi uku ngati munthu wolemera, akawasandutsa ndalama akukwana K6,400. Ndalama zimene banki yandidula m'chaka chomwecho, chiwongola dzanja, ya pachaka yongokhalira ndi khadilo, ndi timachaji tina tosadziwika mutu wake, zakwana K118,000. Ndinawerenganso kachiwiri poganiza kuti mwina maso ayamba kukalamba. Ayi ndithu. Ndapereka K118,000 kuti andipatse mphoto ya K6,400. Ndalama imeneyo ku msika wa Zomba sungagule nayo nkhuku yachikuda, mayi wogulitsayo akhoza kukuseka mpaka kugwetsa dengu.

Mphoto! Mphoto yanji imeneyo abale anga?

Chaka chatha kunabwera kamnyamata ku ofesi kwathu, tayi pakhosi, nsapato zosongoka zonyezimira ngati galasi. Kanagwada pang'ono pondipatsa moni, ulemu wake wosaneneka. "Bwana, inu ndi mmodzi mwa makasitomala athu apamwamba, mwasankhidwa." Ine mutu unakula pomwepo. Kanatulutsa kapepala kosalala, pamwamba pali chithunzi cha bambo wina atakhala pa sofa pa bwalo la ndege, mwendo pamwamba pa unzake, tambula m'manja, mano mbee. Akuti ndi khadi limeneli mudzilowa m'chipinda cha mabwana mukamadikira ndege, kudya ndi kumwa osalipira. Akuti mukamapita kunja muli ndi inshuwaransi. Akuti ku mahotela ena akudulirani mtengo. Akuti kugula kulikonse mukupata mapointi. Ndinasaina malo anayi osawerenga tizilembo tating'onoting'ono tija, poti magalasi ndinali nditawaiwala kunyumba, komanso ndinkachita manyazi kufunsa mafunso pamaso pa anzanga ngati munthu wosadziwa zinthu.

Tsono tamverani. Ine ndege sindinakwerepo. Pamene ndinaiyandikira kwambiri ndi tsiku limene tinaperekeza mphwanga ku Chileka akupita ku Johannesburg, ndipo ndinangoiona ikunyamuka ndili kuseri kwa mpanda, dzanja pachipumi. Maulendo anga ndi Matawale, tauni, Songani, mwina Limbe mwezi ukatha. Chipinda cha mabwana chili kuti pa msewu wa ku Jali? Inshuwaransi ya maulendo a kunja imagwira ntchito munthu ukagwa pa kabaza ku Chinamwali? Ndakhala ndikulipirira sofa imene sindidzakhalapo, tambula imene sindidzamwera. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Khadi limeneli ndi ngongole. Ndibwerezenso kuti a kumbuyo amve: ndi ngongole. Kaya alipaka utoto wa golide, kaya lakuda lolembedwa Platinum, kaya pali chizindikiro cha Visa kapena Mastercard, ndi ngongole imene yavala suti. Mapointi aja ndi nyambo basi. Msodzi wa ku Kachulu akamaika nyongolotsi pa mbedza sikuti wamvera chisoni mlamba kuti uli ndi njala. Ife ndiye milambayo, ndipo tikumeza mbedza uku tikuthokoza.

Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu a Sitandade 5, osafuna digiri ya ku Chanco. Tingoyerekeza kuti khadi likukubwezera 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse imene wagulira zinthu. Wagula katundu wa K100,000, mphoto yako ndi K1,000. Chabwino, ombani m'manja. Tsopano mwezi watha, sunathe kubweza yonse. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti, ndipo panalibe banki imene ikanakubwereka motsika kuposa pamenepo pa ngongole yopanda chikole ngati iyi. Tingoti akukudula 3 peresenti pa mwezi. Pa K100,000 ija ndi K3,000. Mwezi umodzi wokha mphoto ija yadyedwa katatu. Mwezi wachiwiri chiwongola dzanja chija nachonso chayamba kubereka chake. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi ukungodyetsa ng'ombe ya eni ake, mkaka akumwa ndi iwo.

Ndipo pali kamsampha kena kamene kamnyamata kaja kanakatchula ngati chisomo chochokera kumwamba. "Bwana, simukakamizidwa kubweza yonse, mukhoza kumangopereka kochepa kamene talemba apa." Kandalama kochepa kameneko ndiye dzenje lenilenilo. Ukapereka kokhako, banki ikumwetulira, sikuimbira foni, sikukutumizira kalata, poti yotsala ija ikuwaberekera usiku ndi usana. Ine miyezi isanu ndi iwiri ndinkapereka kochepako n'kumadziona ngati munthu wosunga pangano. Ngongole osatsika. Umathira madzi mu ndowa yobooka, n'kumadabwa kuti bwanji sikudzaza.

Chinanso chimene sanandiuze, kapena anandiuza m'tizilembo tija: ukatapa ndalama pa ATM ndi khadi limeneli, masiku aja amati ungabweze popanda chiwongola dzanja palibe. Chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, kuphatikiza chaji yotapira, ndipo mapointi pamenepo supata ngakhale imodzi. Ine ndinatapa kawiri. Koyamba kunali maliro kumudzi, kachiwiri fizi ya mwana. Nanga ku maliro ukaswaipa kwa ndani? Wogulitsa nkhuni ali ndi makina? Moyo wathu kuno ndi wa ndalama ya m'manja ndi Airtel Money kapena Mpamba. Tomato, usipa, makala, kabaza, chigayo, chopereka cha Lamulungu, zonsezi khadi silifikako. Malo oswaipa mu Zomba muno ukhoza kuwawerenga ndi zala: masitolo akuluakulu angapo, pothira mafuta, ma lodge, ndi ku phiri kuja kumene kapu ya tiyi mtengo wake umakuthetsa ludzu usanamwe. Ndiye kuti upate mapointi uyenera kusiya msika, kumene zinthu n'zotchipa ndipo ukhoza kunenerera, n'kupita kukagula modula mu shopu. Ine ndinachitadi zimenezo, musaseke. Ndinasiya mayi amene ndakhala ndikuwagula mpunga zaka zambiri, amene amandiikira basera osapempha, n'kumakagula wa m'paketi kuti ndione mapointi akukwera pa foni. Basera la mayi aja linali mphoto yeniyeni, lokhoza kuphikidwa, ana n'kudya.

Mukudziwa kumene mapointiwo amachokera? Nthawi iliyonse ukaswaipa, mwini shopu amadulidwa kachigawo, kena kamapita ku banki imene inakupatsa khadi. Mwini shopu si wopusa, amakabweza kachigawoko pa mtengo wa sopo ndi shuga. Kwinako kumachokera kwa anthu ngati ine, obweza mochedwa. Ndiye amatenga m'thumba lako lakumanja thumba lathunthu, n'kukuponyera kambewu kamodzi m'thumba lakumanzere, iwe n'kuvina. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Wina alemba m'munsimu kuti vuto ndi iweyo, sudziwa kugwiritsa ntchito khadi, ukanamabweza yonse tsiku lisanakwane sukanadulidwa kanthu. Ndikudziwa, achimwene, ndikudziwa. Alipodi anthu otero, amene salale yawo imafika pa 30 ikadali ndi mnofu, amakwera ndege kawirikawiri, amadya za ulere m'chipinda chija ku Addis Ababa, ndipo khadi limawatumikira. Iwowo alitenge, ndi lawo. Koma anthu amenewo mu Zomba muno alipo angati? Ambirife salale imatha pa 12, zinthu zinakwera, basi. Ndipo a ku banki amadziwa bwino lomwe, poti salale yathu imadutsa m'manja mwawo. Amaona tsiku imene yalowa ndi tsiku imene yatha. Akamabwera kudzakuuza kuti wasankhidwa, akusankha chifukwa aona kuti uyu sadzatha kubweza yonse. Kasitomala wapamwamba kwa iwo ndi amene amachedwa kubweza koma sathawa. Ndinali kunyadira kuti ndasankhidwa, osadziwa kuti nkhuku imene yasankhidwa pa Khirisimasi si kuti yapambana mpikisano.

Bola wa katapila. Ee, ndanena. Wa katapila ndi woipa, amalanda mpaka wailesi ndi mbale, koma amakuuza maso ndi maso kuti tenga K10,000, pakutha pa mwezi ubweretse K15,000. Sakupatsa kapepala ka munthu womwetulira. Sakutcha bwana. Sanena kuti akukupatsa mphoto. Umachoka pakhomo pake ukudziwa kuti walowa m'mavuto, ndipo umagona maso. Khadi ili limakulowetsa m'mavuto omwewo uku likukuimbira nyimbo. Ukaswaipa sumva kuwawa ngati mmene umamvera powerenga ma K5,000 kuchoka m'manja mwako kupita m'manja mwa wina. Kamakina kangolira kuti tii, kalisiti katuluka, iwe n'kutuluka mu shopu chifuwa patsogolo. Ululu umabwera pakatha masiku makumi atatu, uli wekha.

Mayi a kunyumba ali mu banki m'khonde ku Matawale kuno. Amakumana Lachinayi lililonse pansi pa mtengo wa mango, kabuku kawo, kabokosi kawo ka maloko atatu. Nawonso amabwereketsana ndi chiwongola dzanja, chokwera ndithu, sindikubisa. Koma December akafika amagawana zonse, chiwongola dzanja chija chimabwerera kwa eni ake. Chaka chatha anabwera ndi feteleza matumba awiri ndi yunifolomu za ana. Ine wa khadi la golide, wophunzira, wa tayi, ndabwera ndi K6,400 ya mapointi. Nditawaonetsa sitetimenti pa foni madzulo ano anangoyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa kuti, "Bambo a ana, ndiye ndege ija tikwera liti?" Anapita kukapala moto akuseka. Mpaka pano mawu amenewo akundilasa.

Ndiye inu achinyamata amene mwangoyamba ntchito, wina akakubwererani ndi kapepala kosalala, musayambe kufunsa za mphoto. Mufunseni kuti pachaka ndilipira zingati ngakhale ndisaligwiritse ntchito. Mufunseni chiwongola dzanja pa mwezi, anene nambala, asazungulire. Mufunseni kuti ndikachedwa tsiku limodzi mundidula zingati, ndipo dzina langa mukalipereka liti ku mabungwe aja osunga mbiri ya angongole. Mukaona wayamba kukanda m'mutu n'kubwerera ku nkhani ya sofa ya pa bwalo la ndege, dziwani kuti nyerere zija zili m'katimo. Ine sindinafunse, ndi ine pano.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene ndi ichi. Khadi lomweli, lolonjeza Dubai ndi London, mwezi wa June linandichititsa manyazi pamaso pa mwana wanga. Ankafuna kulipira mayeso ena a pa intaneti, ndalama yake ya madola, yosafika ngakhale 100. Ndinakhala naye pa laputopu monyadira, ndikuti ona mmene bambo ako amachitira zinthu. Kulowetsa manambala, lakana. Kubwereza, lakana. Kutacha ndinapita ku nthambi ya banki, ndinaima pa mzere ola lathunthu ndi theka, kuti mtsikana wa pa kauntala andiuze kuti, "Pepani bambo, ndalama zakunja zavuta, malire ogulira kunja tinatsitsa." Munatsitsa liti? Munandiuza? Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 aliyense akudziwa kuti madola ndi osowa, sindikutsutsa. Koma nanga ya pachaka ija bwanji simunatsitse? Ntchito mwachepetsa, mtengo uli pomwepo. Mayeso aja anatilipirira mphwanga wa ku Johannesburg uja, ine n'kumubwezera mochita kupempha.

Nanga za makina oswaipira! Wadzaza basiketi, wafika pa tilu, kumbuyo kwako anthu khumi, mtsikana akweza kamakina m'mwamba ngati akufuna kudalitsa denga, akuti netiweki yathawa. Uyesenso. Lakana. Koma foni m'thumba yalira kuti ndalama yachoka. Ukafunsa akuti mukadandaule ku banki kwanu, ibwerera pakatha masiku. Masiku angati? Shuga wabwerera pa shelefu, ndalama ili m'malere, iwe ukutuluka chimanjamanja anthu akukuyang'ana ngati wakuba.

Lolemba ndikukalibweza. Akandiuzenso kuti kutseka khadi kuli ndi chaji yake, mudzandimva muli ku Thondwe.